Zivindikiro Zotaya

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda kamene ena akanasungiramo makala ndi njinga. Iwo ankasungiramo chivindikiro.

Bambo a m'nyumbamo ankagwira ntchito kufakitale yopanga ndowa, mbale ndi makapu apulasitiki. Ntchito yawo inali yomangirira zikombole zachitsulo m'makina, kuti pulasitiki wosungunuka akalowamo atuluke ali ndowa kapena mbale. Anali munthu wosalawa mowa, wosachedwa panjira, wopempherera ngakhale nthochi asanaisende. Koma Loweruka lililonse, kwa zaka zisanu ndi zinayi, ankadzitsekera m'kachipinda kaja n'kumayesa kupanga chivindikiro cha chigubu cha madzi. Ankafuna choti munthu akapendeketsa chigubu madzi azituluka bwinobwino, koma chigubucho chikagwa chivindikiro chizidzitseka chokha. Chinsinsi chake chinali kalilime kofewa kamkati. Makina ofinyira anapanga okha ndi jeke ya galimoto ndi paipi yachitsulo.

Oyandikana nawo ankawatcha a Injiniya, ndipo sikunali kulemekeza. Mayi, amene ankasoka zovala pakhonde, ankangoseka.

"Anzanga amalira kuti mowa unawalanda amuna," ankatero. "Ine chinandilanda mwamuna ndi chivindikiro, choti ngakhale nditachitukwana sichingamve."

Ankanena zimenezi akuwapititsira tiyi komweko.

Mwana anali mmodzi, wamkazi. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndiye ankalemba m'kope lachikuto chakuda zonse zimene bambo ake ankayesa: masipuni angati a timibulu ta pulasitiki wolimba, angati a wofewa, mphindi zingati pamoto, ndiponso ngati chivindikiro chadontha kapena ayi. Bambo ake ankamuitana kuti Mlembi, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka kusukulu ndi kutchalitchi. Sanagonepo ndi njala, sanamvepo makolo ake akutukwanana.

M'kachipindamo munali lamulo limodzi. Chivindikiro chilichonse cholakwika chinkayenera kudulidwa zidutswa zinayi ndi sizasi yodulira malata chisanaponyedwe m'chitini chosungunulira. Ntchito imeneyinso inali ya Mlembi.

Atamaliza sekondale, akudikira malo kukoleji, ntchitoyo inayamba kumukwana. Anzake ankapita kukaona zovala m'mawindo a masitolo, iye ali pampando wopanda chotsamira, fungo la pulasitiki wopserera litamulowa m'tsitsi, matuza ali m'zala.

"Bambo, izitu n'zoonongeka kale. Tikuziduliranso chiyani?"

Bambo ake anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Ndinakuuza za mayi wa ku ofesi yolembetsa luso uja. Kuti boma likupatse patenti, chikalata chonena kuti chinthu ichi unachitulukira ndiwe ndipo wina asachipange popanda iwe, chinthucho chiyenera kukhala choti sichinaonekepo pamsika. Chikangooneka, basi. Ngakhale utalumbira mpaka kukhosi kuuma."

"Nanga ndani angatole chinyalala?"

"Kwa ife ndi chinyalala. Kwa munthu wodziwa ntchito, chotaya chimaulula zonse. Dula, mwanawe."

Anadula ziwiri. Bambo ake atatembenuka, anakankhira zotsalazo pansi pa katoni n'kuphimba ndi nyuzipepala. Palibe chinachitika. Loweruka linalo anachitanso chomwecho, ndipo palibenso chinachitika. Tchimo likamayamba limakhala laulemu, silisokosa.

Timibulu tija ankakagula pasitolo ya mwamuna wina amene aliyense ankamutcha Mabeseni. M'sitolomo mabeseni, mipando ndi ndowa zinali zosanjikizana mpaka kudenga. Mwini wake anali wa nsapato zopukutidwa, kiyi wa galimoto ali kuchala nthawi zonse ngati mphete.

Tsiku lina Mlembi akutambasula dzanja kuti alandire kathumba ka timibulu, Mabeseni sanakasiye msanga.

"Asisi, manja okongola chonchi mukuwazunza ndi chiyani? Mumaswa miyala kwanu?"

Mlembi anabisa manja kumbuyo, koma anaseka. Panalibe mwamuna amene anayamba wamuuzapo za manja ake.

Ulendo wotsatira anapeza botolo la mafuta odzola likumudikira. Ulendo winawo Mabeseni anamuperekeza pagalimoto n'kukamutsitsa pakona, msewu wa kwawo usanayambe. Kenaka nsapato. Kenaka foni, imene Mlembi ankaibisa m'kati mwa pilo.

"Kodi madala anu amaphika chiyani ndi timibulu timeneti?" anafunsa Mabeseni masana ena, galimoto ili pamthunzi. "Anthu akuti akupanga ndege."

"Ndi chinsinsi."

"Chinsinsi ndi ine? Ndiye ine ndikamakuuzani zakumtima kwanga ndimakhala chitsiru eti?"

Mlembi anafotokoza. Anafotokoza bwino, chifukwa nkhaniyo anailemba ndi dzanja lake kwa zaka zonsezo. Mabeseni anaimba kaluzu.

"Tandibweretserani chimodzi ndingoona. Osati chabwino, ayi, ine si wakuba. Chotaya. Chotaya chilibe mwini."

Mawuwo anamveka oona. Mlembi anatulutsa chimodzi pansi pa katoni paja, chokhala ndi kachipsera ngati njere ya mpunga pambali pa kalilime, n'kuchiika m'thumba la siketi. Chinali chopepuka moti sanamve n'komwe kuti wanyamula kanthu.

Amene anayamba kuona ndi mayi ake. Anapeza bokosi la nsapato kunsi kwa bedi akusesa.

"Nsapato izi zachokera kuti?"

"Anandibwereka mnzanga."

"Mnzako wamtima wabwino, wobwereka nsapato ndi bokosi lomwe." Mayi analuma ulusi umene unali pamalaya awo n'kuulavula. "Mwana wanga, ine ndimasoka. Nsalu imayamba kusosoka ndi ulusi umodzi. Mwamuna akamakupatsa zinthu usanamupemphe, dziwa kuti pali chimene wachiona kale m'nyumba mwanu."

"Amayi, inu aliyense mumangomuganizira zoipa."

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Ukabweze."

Sanakabweze. Ankaziika m'chikwama n'kukasinthira pakona.

Patapita masabata angapo anapeza Mabeseni atakwinya nkhope.

"Chinthu chako chija chikudontha."

Anali atasiya kalekale kumutchula kuti asisi.

"Chikudontha bwanji? Munati mukungofuna kuona."

"Ndinapatsa mnzanga wamakina kuti ayese. Maonekedwe tawapeza, koma kalilime kakuuma ngati chikopa. Kasakanizidwe kake ndi kamene katisowa." Anamugwira dzanja n'kufewetsa mawu. "Tamvera. Madala akowo adzafa chivindikiro chili m'manja. Zaka naini! Ine ndikufuna kuwathandiza. Tikachitulutsa ndidzabwera kwanu nditavala jekete, ndidzanena nkhani ziwiri: ya chivindikiro ndi ya iwe."

"Bambo anati chikaoneka pamsika..."

"Msika wake uti? Tikungoyesa. Ujambule masamba omaliza a kope lija. Nanga foni ndinakugulira yoti uzidziyang'anirapo nkhope?"

Lamulungu m'mawa Mlembi anati mutu ukumuwawa. Mayi ake anamugwira pachipumi, bambo ake anamupempherera ataima pakhomo, ndipo onse anapita kutchalitchi. Kiyi wa kachipinda ankakhala pamsomali kuseri kwa kalendala. Dzuwa linkalowa m'timabowo ta malata n'kugwera pakope lija. Anajambula masamba asanu ndi limodzi, onse a dzanja lake lomwe. Chimene chinadzamuwawa kwambiri pambuyo pake n'chakuti tsamba limodzi silinaoneke bwino, ndipo iye analiwongola n'kulijambulanso modekha.

Kuchokera tsiku limenelo foni ya Mabeseni inayamba kulira yosayankhidwa. Akayankha ankati ali pamseu, adzaimbanso.

Bambo sankadziwa kanthu. Kasakanizidwe anali atakapeza kale, koma anali ataika zivindikiro zitatu padenga kuti aone ngati kalilime kangapirire dzuwa la miyezi ingapo. "Chinthu cha madzi akumwa a ana a anthu sathamangira," ankatero. Tsiku limene anazitsitsa, anadzaza chigubu, anakwera pamakwerero n'kuchiponya pansi. Chinagubuduka mpaka kumpanda. Pansi panali pouma. Mayi anasiya makina osokera n'kuomba m'manja, misozi ili m'masaya.

Madzulo a tsikulo bambo anaitana Mlembi patebulo n'kumuonetsa fomu ya ku ofesi ija. Pamalo olemba amene anatulukira lusolo panali mayina awiri.

"Theka la ntchitoyi ndi dzanja lako," anatero. "Lolemba ndapempha tchuthi. Tipitira limodzi."

Mlembi anathokoza. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Ofesiyo inali kumzinda waukulu, ulendo wa maola anayi pabasi. Bambo anavala suti yawo ya kutchalitchi, kope ndi chivindikiro atazikulunga m'thaulo latsopano. Atangotsika padepoti anamva mayi wina akukuwa pakati pa ogulitsa malonda.

"Chigubu chosataya madzi! Chigwetseni muone! Chosataya, chosataya!"

Mayiyo anali ndi zigubu zambirimbiri zomangidwa pachingwe. Anamenya chimodzi chodzaza ndi phazi, chinagubuduka, ndipo pansi panali pouma.

Bambo anayenda pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. Anapempha kuona. Anamasula chivindikiro, anachitembenuza, chala chawo chachikulu n'kukaima pambali pa kalilime. Panali kachipsera ngati njere ya mpunga. Anamasula chachiwiri, kachipsera komweko. Chachitatu chimodzimodzi. Amene anakopera anakopera ndi bala lomwe, poganiza kuti ndi mbali ya luso. Koma bala limenelo linachokera pachikombole cha bambowo pamene chinakalika Loweruka lina, ndipo anachisalaza tsiku lomwelo. Linali pa zotaya zokha, zimene anapereka m'manja mwa munthu mmodzi kuti adule.

Sanamuyang'ane Mlembi.

"Mwayamba liti kugulitsa zimenezi, mayi?"

"Kalekale, bambo, zikutuluka ngati moto. Mugula kapena mukungosisita?"

Bambo anagula chimodzi, ndipo anapitabe ku ofesi. Anakwera masitepe mpaka pamwamba, bambo akupumira pakona iliyonse. Mayi wa ku ofesiyo anali wa imvi, magalasi atawamangirira chingwe m'khosi. Anamvetsera, anatsegula kope, anayerekeza zivindikiro ziwirizo, kenaka anapumira m'mwamba ngati munthu amene nkhani zotere anatopa nazo.

"Ndinakuchenjezani, bambo."

"Munandichenjeza, mayi."

"Patsala kampata kamodzi. Ngati chinatuluka mwakuba, munthu amene anachitulutsa akavomere kupolisi kuti anatenga ndiye, ndipo anapereka kwa uje. Mukabweretsa chikalata chimenecho, pempho lanu tililandira. Koma lamulo limaika malire a nthawi, ndipo tsiku limene chinayamba kugulitsidwa ndikulidziwa: mwatsala ndi masabata awiri. Mukumudziwa munthuyo?"

Chokupizira mphepo chinkazungulira kudenga chikulira. Mlembi ankayang'ana mawondo ake.

"Ndikaganiza, mayi," anatero bambo, n'kukulunganso kope m'thaulo.

Anakwera basi yobwerera. Atafika, bambo anafotokozera akazi awo mwachidule, kenaka ananena mawu akuyang'ana khoma.

"Ine sindikatula munthu kupolisi ndi manja anga. Amene akudziwa kanthu, chitseko cha kachipinda ndachisiya chotsegula."

M'mawa mwake Mlembi anathamangira kusitolo. Pakauntala anapezapo mayi wina wonenepa, khanda lili pachifuwa.

"Tikuthandizeni chiyani, mtsikana?"

"Ndimafuna eni ake."

"Amuna anga? Bambo a mwana, kuli mlendo wanu kuno!"

Mabeseni anatuluka akupukuta m'manja. "Aa, uyu ndi mwana wa kasitomala wathu, wa timibulu uja." Anamutulutsira panja, kuseri kwa mulu wa mipando, ndipo kumwetulira kunathera pakhomo pomwepo.

"Munati mukungoyesa," anatero Mlembi. "Munati mudzabwera kwathu."

"Ndinati, ndinati. Iwe sunanenepo zinthu?"

"Ndikanena kupolisi."

"Ukanena kuti chiyani? Ndinathyola chitseko ine? Dzanja la m'kopemo ndi la ndani? Zithunzi zinachoka pafoni ya ndani? Wogona m'chitokosi ndiwe, mwana wa a Injiniya, wa kwaya. Ndipo za koleji uiwaliretu. Pita bwino, usadzabwerenso pano, akazi anga sachedwa kupsa mtima."

Masabata awiriwo anali aatali kuposa zaka zisanu ndi zinayi zija. Bambo akaweruka ankasamba n'kukakhala pampando wopanda chotsamira uja, chitseko chili chotsegula, manja ali pamawondo. Sankagwira chilichonse. Mlembi ankadutsa pomwepo ndi ndowa, ndi tsache, ndi mbale zotsuka, ndipo ulendo uliwonse mapazi ake ankachedwa pang'ono pakhomopo kenaka n'kupitirira. Ankaona m'maganizo mwake wapolisi akulemba dzina lake, anzake a kwaya akunong'onezana, kalata ya kukoleji ikung'ambidwa. Ankadziuza kuti mawa.

Mayi anasiya nthabwala. Makina osokera ankalira pang'ono n'kuima. Tsiku lina akupinda nsalu, ananena osadzutsa mutu.

"Mawa ndi tsiku lomaliza. Sindikukufunsa kanthu. Ndikungokuuza tsiku."

M'mawa wa tsikulo Mlembi anavala, anatenga foni ija n'kupita pasiteji ya basi yopita kupolisi. Basi yoyamba inabwera, anati yadzaza. Yachiwiri inabwera ndi mipando yopanda anthu, anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato. Yachitatu itadutsa anabwerera kunyumba n'kukagona chafufumimba mpaka dzuwa kupendeka. Bambo ake anali atapemphanso tchuthi tsiku limenelo. Anakhala m'kachipinda atavala suti kuyambira m'mawa. Madzulo anaivula n'kuipachika.

Kutacha Mlembi analowa m'kachipinda n'kugwada pasimenti.

"Bambo, ndine. Ndinatenga ndine. Ndi kope lomwe ndinajambula."

Analira mpaka mawu kutha. Bambo ake anamudikira kuti amalize.

"Ndinadziwa padepoti paja."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena ndikanapulumutsa chivindikiro. Ine ndimadikira mwana wanga." Anatikita m'maso ndi zala zawo zokhala ndi zipsera za moto. "Ndinali nditakonzeka kupita nawe, kukaima pambali pako, kukawapempha kuti akuchitire chifundo. Wabwera, inde. Koma wasankha tsiku loti kubwera sikukutayitsanso kanthu."

Mawu amenewo anamulasa kuposa mbama, chifukwa anali oona, ndipo iye anali asanadziuze yekha.

"Ndikhululukireni, bambo."

"Ndakukhululukira. Dzuka, pansipo pazizira. Ukapemphenso kwa Mulungu ndi kwa mayi ako. Koma chikhululukiro sichibweza dzulo, mwanawe."

Loweruka lotsatira anamasula makina aja. Jeke anapatsa makaniko wa pakona. Mlembi anakasiya foni ndi nsapato pakhomo la sitolo, ndipo palibe anamuthamangira. Kalata ya kukoleji inabwera, anapita, anaphunzira, koma mtsikana woseka uja sanabwererenso.

Atabwera kutchuthi choyamba, anapeza bambo ake atakalamba ngati padutsa zaka khumi. Tsiku lina bambo anafika kuchokera kuntchito n'kusamba m'manja nthawi yaitali. Atakhala patebulo anapemphera monga mwa masiku onse, kenaka anati:

"Lero ndamangirira chikombole chatsopano."

"Cha chiyani, bambo ake?" anafunsa mayi.

"Cha zivindikiro za zigubu. Makina a mnzake wa Mabeseni aja achepa, ndiye wabweretsa oda kwathu. Tizipanga usana wonse mpaka chaka chithe. Anzanga akuti amene anachitulukira ndi munthu wamutu."

Mayi anaika supuni pansi.

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinati chiyani? Ndi ntchito yanga. Ndachimangirira bwinobwino." Anayang'ana m'mbale mwawo. "Sichikudontha."

Mlembi anakokera mbale yake pafupi. Anadya chakudyacho chifukwa bambo ake anali atachipempherera.

Inu ana a sukulu, ndi inu achinyamata a mumpingo, imvani. Palibe kanthu kakang'ono m'nyumba ya makolo anu koti n'kopanda mwini, ndipo amene akukuuzani kuti kulipo ndi amene akukafuna. Ulesi umatsegulira bodza, bodza limatsegulira kuba, ndipo wakuba wa m'nyumba amapweteka kuposa wothyola zenera. Mukagwa, ululani tsiku lomwelo, pamene kuulula kukadali kowawa ndipo kungapulumutse wina. Mulungu amakhululuka, makolo amakhululuka, koma madzi akatayika saoleka.